Mmalawi akagwidwa kunja nkhondo ili mkati, akamugogodere chitseko ndani?

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tikambepo za nkhani yomwe imangotumphuka pakagwa zovuta kenako n'kuzilala. Kodi Mmalawi akamangidwa kapena akasowa m'dziko lomwe muli nkhondo, boma lake limachita chiyani tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachitatu? Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka ku Lilongwe kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, patangotha masabata 7 nkhondo ya ku Gaza itabuka, ndipo enanso anatsatira. Kuchokera tsiku limenelo funsoli linalowa m'nyumba za anthu.

Ambiri, ngakhale ophunzira amene, amaganiza kuti munthu wamba aliyense yemwe ali m'dziko la nkhondo ali m'manja mwa Red Cross. Sizili choncho kwenikweni. Pangano Lachinayi la ku Geneva la 1949, lomwe limakamba za anthu wamba pa nthawi ya nkhondo, lili ndi ndime 4 yotchula amene ayenera kulandira chitetezo chake chapadera. Ndimeyi imati nzika ya dziko losalowerera nkhondo, yomwe ili m'dziko limodzi mwa omenyanawo, siwerengedwa m'gulu limeneli ngati dziko lakwawo lili ndi ukazembe wokhazikika kumeneko. Olemba panganolo anaona kuti munthu wotereyu ali naye kale mwini wake womulankhulira. Ndiye tsiku lomwe mayi Nancy Tembo, ali nduna ya zakunja, anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu Epulo 2024, tinasenza katundu amene mwina sitinamuyese kulemera. Malamulo oti munthu wamba asalozedwe mfuti, asazunzidwe ndiponso asagwidwe ngati chikole amateteza aliyense. Koma kulemba dzina la womangidwa, kukamuona ndi kufunsa chomwe wamangidwira, zimenezo zimagwera kazembe wathu.

Chida chomwe kazembe amagwiritsa ntchito ndi ndime 36 ya Pangano la ku Vienna la 1963, lonena za ntchito za akazembe pothandiza nzika zawo kunja. Ndimeyi ili ndi mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ili ndi poterera pake. Apolisi akamanga mlendo ayenera kumuuza mosachedwa kuti ali ndi ufulu woti a kwawo adziwitsidwe. Iye akavomera, apolisiwo ayenera kudziwitsa ofesi ya kazembe mosachedwanso, komanso kupereka kalata iliyonse yomwe womangidwayo walembera ofesiyo. Kenako a ku ofesi ya kazembe ali ndi ufulu wokamuona, kucheza naye, kulemberana naye makalata ndi kumuthandiza kupeza loya. Taonani pamene pali msampha: uthenga umapita pokhapokha mwini wake atapempha. Mnyamata amene wagwidwa chitupa chake chitatha, kapena atathawa pamunda, kawirikawiri amakana. Amaopa kuti dzina lake limveka pa wailesi kumudzi, kapena kuti boma limukalipira pamaso pa anthu. Ena sauzidwa n'komwe, chifukwa wapolisi wausiku sadziwa za Vienna. Ena amauzidwa m'Chihebri, m'Chiarabu kapena m'Chirasha, n'kusaina pepala lomwe sanalimve. Safunsa anadya phula, koma munthu angafunse bwanji chinthu chomwe sanauzidwepo asanakwere ndege?

Mawu akuti "mosachedwa" nawo alibe maola. Khoti la dziko lonse la ku The Hague linagamula mu 2004, pa mlandu wa Mexico ndi United States, kuti apolisi ayenera kuuza munthu za ufuluwu akangozindikira kuti ndi mlendo. Mu 2019, pa mlandu wa India ndi Pakistan, khoti lomwelo linapeza kuti kuchedwa masabata atatu kunali kuphwanya pangano, ndipo linakana mfundo yakuti munthu woganiziridwa ukazitape alibe ufuluwu. Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika pa nthawi ya nkhondo, chifukwa mlendo wogwidwa akujambula ndi foni pafupi ndi msasa wa asilikali, mlandu woyamba womwe amamuganizira ndi womwewo. Komabe milandu ya ku The Hague imatenga zaka, ndipo dziko losauka silingaidalire. Njira yachidule ndiyo kulemba maola m'pangano la maboma awiri. Dziko la United States lili ndi mndandanda wa maiko omwe apolisi ake ayenera kuwadziwitsa za nzika yomangidwa, kaya nzikayo yafuna kaya yakana. Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe alipo pa mndandandawo. Malawi palibe.

Israel anasaina Pangano la ku Vienna koma sanalitsimikize. Izi sizitanthauza kuti amatsekera akazembe chipata, koma zikutanthauza kuti pangano lililonse lotumiza antchito kumeneko liyenera kunena lokha, m'mawu osazungulira, kuti Mmalawi akamangidwa ofesi yathu idziwitsidwe pasanathe maola 48 kapena 72, ndiponso kuti adzaloledwa kumuona pasanathe masiku akutiakuti. Aphungu ali ndi ufulu wopempha kuti aone ngati chiganizo chimenecho chilimo.

Tsono kukaona womangidwa ndi ntchito ya manja, yokhala ndi ndondomeko yake. Ofesi imatumiza kalata ya pakati pa maboma, yomwe amaitcha note verbale, ku unduna wa zakunja wa dzikolo, kutchula dzina, nambala ya pasipoti, tsiku lomwe munthuyo anagwidwa ndi malo omwe akuganiziridwa kuti ali. Kalata imeneyi ikangotumizidwa n'kukhala phee, imagona m'fayilo. Pamafunika foni tsiku ndi tsiku kwa mkulu wa ndende ndi kwa woimira boma pamilandu. Wopita kundendeko azikhala wolankhula chinenero cha womangidwayo, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, chifukwa munthu sanena zakuti anamenyedwa kudzera mwa womasulira wa apolisi omwewo. Amuone ndi maso, amuuze apinde manja a malaya, aone m'mikono ndi kumsana. Afunse za mankhwala, makamaka ma ARV, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, popeza amenewa ndi omwe amadukiza munthu akachoka m'chitokosi cha polisi kupita kundende. Alembe mlandu weniweni ndi ndime ya lamulo, tsiku la khoti, dzina la loya, ndi mapepala onse omwe wasaina kale. Pomaliza amufunse, ndipo asainirane, kuti ndi wachibale uti woti auzidwe ndiponso auzidwe zochuluka bwanji. Kazembe sangatulutse munthu m'ndende, sangaime m'khoti ngati loya, ndipo sangafafanize mlandu. Mabanja akauzidwa zimenezi msanga sataya mbuzi ndi minda kwa madobadoba omwe amati ali ndi mnzawo ku ofesi.

Ulendo umodzi sukwanira, ndipo anzathu a ku Zambia anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mnyamata wawo, yemwe ankaphunzira ku Moscow, anaweruzidwa mu 2020 kuti akhale m'ndende zaka 9 ndi miyezi 6. Gulu la asilikali aganyu la ku Russia lotchedwa Wagner litayamba kutola akaidi m'ndende za ku Russia ndi lonjezo la kuwakhululukira, iye anatengedwa. Anafera kunkhondo ku Ukraine pa 22 Sepitembala 2022, ali ndi zaka 23. Boma la Zambia linauzidwa pa 9 Novembala, patatha masiku 48, ndipo nduna ya zakunja ya nthawiyo, a Stanley Kakubo, inalengeza pa 14 Novembala. Thupi linafika ku Lusaka mu Disembala. Ndime 37 ya Pangano la ku Vienna lija imati dziko lidziwitsidwe mosachedwa nzika yake ikamwalira, koma dziko lomwe lili pankhondo limachita zomwe lafuna ngati palibe wolivutitsa. Chomwe chikanathandiza ndi kaundula wa akaidi woyenderedwa miyezi itatu iliyonse, kuti tsiku lomwe dzina lasowa pa mndandanda wa ndende, funso lifike sabata yomweyo. Tanzania nayo inataya wophunzira wake m'njira yofananayo.

Apa tiwonjezepo chenjezo kwa achinyamata omwe akulandira mauthenga a pa WhatsApp onena za ntchito ya ulonda kapena ya m'fakitale ku maiko omwe ali pankhondo. Ndime 47 ya pangano la 1977 lowonjezera pa mapangano a ku Geneva imati msilikali waganyu alibe ufulu wotengedwa ngati mkaidi wankhondo. Akagwidwa angathe kuzengedwa mlandu ngati chigawenga wamba, ndipo boma lake limalankhula mawu ali pakhosi.

Tibwerere ku Israel, komwe kuli ana athu ambiri. Chitupa cha wantchito wa kumunda chimamumangirira ku ntchito ya ulimi. Akachoka n'kukalowa ntchito ina m'tauni, ngakhale atachoka chifukwa cha malipiro operewera kapena mantha a mizinga, amasanduka wokhala m'dziko mosaloledwa. Mu Meyi 2024 zinalengezedwa kuti Amalawi 12 anagwidwa atachoka m'minda n'kukagwira ntchito kophikira buledi, ndipo anauzidwa kuti abwezedwa kumudzi. Ogwidwa motere amasungidwa ku malo monga ndende ya Givon ku Ramle, ndipo lamulo la kumeneko limati aonekere pamaso pa bwalo lounika za kusungidwa kwawo pasanathe maola 96. Maola amenewo ndiwo mpata wonse womwe kazembe ali nawo. Akafika nthawi isanathe, angathe kuonetsa mapepala a malipiro, kusonyeza kuti bwana ndi amene anaphwanya mgwirizano, ndi kupempha kuti wantchitoyo asamutsidwire pamunda wina. Akachedwa, angotsala ndi ntchito yosaina chikalata cha ulendo, ndipo malipiro otsala a mnyamatayo amatsalira konko. Mabungwe a komweko monga Kav LaOved akhala akuthandiza antchito ochokera kunja pa nkhani za malipiro kwa zaka zambiri. Si manyazi kuti ofesi yathu ikhale ndi nambala zawo.

Nkhani ya komwe munthu akagwire ntchito ndi ya masekondi, kwenikweni. Ku Tel Aviv sailini ikalira munthu amakhala ndi masekondi pafupifupi 90 othawira kobisala. Pafupi ndi malire a Gaza amakhala ndi 15. Kumalire a Lebanon kuli midzi komwe mzinga umagwa sailini ikulira kumene. Wantchito amene ali pakati pa munda wa maapozi, mtunda wa mamita 300 kuchokera pa kanyumba ka konkire kobisalamo, sangafikeko m'masekondi 15 ngakhale atakhala katswiri wa mjaha. Mu Malichi 2024 wantchito wa ku India anaphedwa m'munda ku Margaliot. Pa 31 Okutobala 2024 antchito anayi a ku Thailand pamodzi ndi mlimi wa komweko anaphedwa m'munda wa zipatso ku Metula. Onsewa ndi malo a kumalire a kumpoto. Choncho mawu akuti "ana athu ali kumalo otetezeka" sakwana pawokha. Boma likhale ndi mapu ndi mtunda wolembedwa, makilomita akutiakuti kuchokera kumalire, komwe Mmalawi sayenera kutumizidwa ngakhale asilikali a komweko atapereka chilolezo kwa mwini munda. Pakhale munthu wokayendera munda uliwonse, kuwerenga mapazi kuchokera pogona ndi pogwirira ntchito kukafika pobisala, ndi kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi pulogalamu ya machenjezo pafoni ndipo akudziwa kuti amayenera kukhala mobisalamo mphindi 10 sailini italira. Wokana kupita kumunda wa kumalire asatchedwe wothawa ntchito. Mabanja adziwenso kuti lamulo la ku Israel limapereka chipukutamisozi kwa mlendo amene analowa movomerezeka n'kuvulala kapena kufa pa chiwembu cha nkhondo, kudzera ku bungwe la boma la inshulansi. Ndalamazo sizibwera zokha, zimafuna mapepala a ukwati, a kubadwa kwa ana ndi a chipatala, omasuliridwa ndi kudindidwa.

Nanga zikafika poipitsitsa, munthu n'kugwidwa ndi mbali inayo? Pa 7 Okutobala 2023, tsiku lomwe gulu la Hamas la ku Gaza linachita chiwembu ku Israel, Thailand inali ndi antchito pafupifupi 30,000 ku Israel. Oposa 30 anaphedwa tsiku limenelo ndipo 31 anatengedwa kupita ku Gaza. Boma la ku Bangkok silinadikire kuti Israel awalankhulire. Nduna yawo ya zakunja ya nthawiyo, a Parnpree Bahiddha-Nukara, anapita ku Qatar ndi ku Egypt, anakumananso ndi nduna ya ku Iran, pomwe atsogoleri a Chisilamu a m'dziko lawo anatsegula njira yawoyawo. Pofika kumapeto kwa Novembala anthu 23 anali atamasulidwa, kunja kwa mgwirizano wosinthana akaidi wa Israel ndi Hamas, ndipo ena asanu anatuluka mu Januwale 2025. Tanzania nayo inataya ophunzira awiri a zaulimi pa chiwembu chomwecho, choncho tisamayese kuti ndi nkhani ya kutali.

Chomwe chinathandiza Thailand n'chakuti zitseko zonse zinali zotseguka kwa iwo. Apa ndi pamene mavoti athu ku United Nations amakumana ndi mnyamata wa m'munda uja. Pa 2 Malichi 2022 Malawi anali m'gulu la maiko 141 omwe anadzudzula Russia chifukwa cholowa mu Ukraine, ndipo anachita bwino. Pa 12 Disembala 2023, maiko 153 atavota kuti kumenyana ku Gaza kuime pofuna kupulumutsa anthu wamba ndiponso kuti ogwidwa chikole onse amasulidwe, Malawi anakhala chete osavota mbali iliyonse. Pa 18 Sepitembala 2024, pa mfundo yakuti Israel achoke m'madera a Palestine pasanathe miyezi 12, maiko 124 anavomera, 14 anakana, ndipo mwa okanawo dziko la mu Africa linali limodzi lokha, lathu lino. Sitikunena kuti boma lilibe ufulu wosankha abwenzi. Ubale wathu ndi Israel ndi wakale, wa m'nthawi ya Kamuzu. Chomwe tikunena n'chakuti mwana wa ku Kharkiv (Ukraine), wa ku Be'eri (Israel) ndi wa ku Khan Younis (Gaza) onse ndi anthu wamba pansi pa lamulo limodzi, ndipo dziko laling'ono lopanda ndege zankhondo lilibe chodalira china koposa lamulo limenelo. Likamalilemekeza Lolemba n'kulilambalala Lachinayi, tsiku lomwe lidzapite ku Doha kapena ku Cairo kukapempha kuti atithandize kupeza mwana wathu, omvetserawo adzakhala ndi mndandanda wa mavoti patebulo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Voti iliyonse yotere iyenera kubwera ndi chifukwa cholembedwa, choperekedwa ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ubale ndi maiko ena, kuti tidziwe ngati inali mfundo kapena malonda.

Vuto lina ndi la maiko komwe tilibe ofesi n'komwe. Ku Khartoum (Sudan), ku Kyiv (Ukraine) ndi ku Muscat (Oman) kulibe kazembe wa Malawi wokhala konko. Kazembe amene ali kutali, wongopatsidwa dzikolo ngati gawo lake, amafunika viza, tikiti ndi chilolezo cha kulikulu kuti anyamuke, ndipo bwalo la ndege likatsekedwa zonsezo zimathera pomwepo. Nkhondo ya ku Sudan itabuka pa 15 Epulo 2023, bwalo la ndege la Khartoum linasanduka bwalo lankhondo tsiku lomwelo. Anthu anatuluka pa basi, ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kukafika ku Port Sudan n'kukwera zombo zopita ku Jeddah, ena n'kulowera kumalire a Egypt komwe anagona panja masiku angapo. Anthu ambiri anatsakamira chifukwa mapasipoti awo anali atatsekeredwa m'maofesi a akazembe a maiko ena komwe anakapempha viza, eni maofesiwo atathawa. Ku Ukraine mu 2022 ophunzira a ku Africa ankatsitsidwa m'sitima ndi kubwezedwa kumbuyo kwa mzere kumalire, mpaka African Union inatulutsa chikalata chodandaula pa 28 Febuluwale. Mu Juni 2025, Israel ndi Iran atamenyana masiku 12, ndege zinaima ndipo alendo anatulukira pamsewu kudzera ku Jordan ndi ku Taba, ku Egypt.

Njira yake ilipo, ndipo ndi yotsika mtengo. Ndime 8 ya Pangano la ku Vienna imalola dziko lina kugwirira ntchito nzika zathu, bola eni dziko asakane. Switzerland yakhala ikuimira United States ku Iran kuyambira 1980. Ife tingathe kusainirana ndi Tanzania, Kenya, South Africa kapena Egypt, malinga ndi yemwe ali ndi ofesi pamalopo. Koma mgwirizanowu usainidwe kukadali bata, ndipo unene yemwe adzalipire basi. Mgwirizano wofunafuna mfuti zikulira umapeza mipando itatha.

Pa mapepala oyendera tisadalire kompyuta yokha. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima masabata angapo m'dziko muno makina atasokonekera. Ofesi iliyonse ya kazembe iyenera kukhala ndi mabuku a zikalata zoyendera mwadzidzidzi, zolemba pamanja, zokhala ndi manambala, chidindo ndi malo omata chithunzi, komanso chilolezo chochokera kulikulu choti azipereka osadikira yankho la ku Lilongwe ngati dzina lili kale m'kaundula. Maiko odutsamo auzidwiretu maonekedwe a chikalatacho, chifukwa wa pachipata amene sanachionepo amachikana. Amayi athu omwe anavutikira ku Oman, komwe wantchito wa m'nyumba sangachoke popanda chilolezo cha bwana ndipo wothawa amasumiridwa kupolisi, ambiri anali atalandidwa mapasipoti tsiku lofika. Boma linanena mu 2024 kuti linawononga ndalama zoposa madola 160,000 kubweza amayi 54. Gawani nokha: pafupifupi madola 3,000 pa munthu mmodzi, m'dziko lopanda nkhondo. Ndalama zotere sizingamachokere m'thumba la zogwa mwadzidzidzi la Unduna wa Zachuma nthawi iliyonse.

Dziko la Philippines linakonza zimenezi litapsa. Wantchito wawo wa m'nyumba atanyongedwa ku Singapore mu 1995, anakhazikitsa lamulo la antchito a kunja chaka chomwecho, lokhala ndi thumba lolipirira maloya ndi lina lobwezera anthu kwawo. Ali ndi magawo anayi a chenjezo: loyamba ndi kusamala, lachiwiri ndi kuchepetsa maulendo ndi kuimitsa kutumiza antchito atsopano, lachitatu ndi kubweza ofuna kubwerera, lachinayi ndi kusamutsa aliyense. Ubwino wake ndi wakuti gawo likalengezedwa, kampani yotumiza anthu, kazembe ndi banja onse amadziwa chochita osadikira msonkhano wa atolankhani. Ife tikanayamba ndi zochepa: kampani iliyonse yotumiza antchito isungitse kubanki ndalama yokwanira tikiti yobwerera ya munthu aliyense yemwe yamutumiza, ndalamayo isakhudzidwe mpaka munthuyo atatera ku Kamuzu kapena ku Chileka.

Za ku South Africa tingodutsapo, poti kulibe nkhondo, ngakhale kuti ndi komwe Amalawi amamangidwa ambiri. Khoti lalikulu la kumeneko linagamula mu 2017 kuti wogwidwa pa nkhani ya mapepala aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo malire a masiku 120 osungidwa podikira kubwezedwa ndi odziwika. Anthu amapitirira masikuwo kumalo osungira odikira kubwezedwa a Lindela, ku Krugersdorp, nthawi zina chifukwa chongodikira kuti a kwawo abwere adzatsimikize kuti ndi nzika zawo.

Koma pakhomo pathu pasakhale potinyazitsa. Mu Meyi 2023 othawa kwawo mazanamazana, ana ndi amayi omwe, anatoledwa m'matauni n'kusungidwa kundende ya Maula asanatumizidwe ku Dzaleka, msasa womwe unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Ambiri mwa iwo anathawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Dziko lomwe linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo yawo likudziwa bwino kuti wothawa nkhondo si mbava. Wapolisi wa ku Karonga kapena ku Dedza amene wagwira mnyamata wa ku Ethiopia ali ndi udindo womwewo wa ndime 36, ndipo kazembe wathu akamadandaula kunja kuti sanadziwitsidwe, funso loyamba lomwe amabwezeredwa ndi la momwe ife timachitira ndi alendo athu.

Titsirize ndi mabanja, poti iwo ndi amene amayamba kuzindikira kuti foni yazima. Munthu asananyamuke asiye kunyumba fotokope ya tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, ya viza ndi ya mgwirizano wa ntchito, dzina la kampani yomwe yamutumiza, ndipo akafika atumize dzina la munda kapena mudzi, la bwana, ndi nambala za anzake awiri ogona nawo. Pasipoti asunge yekha. Lamulo la ku Israel limaletsa bwana kuisunga. Mugwirizane tsiku loimbirana, kuti kukhala chete kukhale ndi tanthauzo. Akasowa, musayambe ndi Facebook, chifukwa chithunzi chofalitsidwa ndi mawu olakwika, monga kumutcha msilikali, chingamuike pangozi kumene ali, ndipo akuba amatolapo nambala zanu n'kuyamba kuitanitsa ndalama ya belo. Lembani kalata ku Unduna wa Zakunja ku Capital Hill, yokhala ndi dzina monga lilili m'pasipoti, tsiku lobadwa, tsiku ndi ola lomwe munalankhulana komaliza, malo omwe anali, matenda omwe ali nawo ndi zipsera zomwe angadziwike nazo. Pangani makope awiri, imodzi akudindireni tsiku n'kubwerera nayo. Tsiku lomwelo pitani ku ofesi ya Malawi Red Cross Society mukalembetse pempho lofufuza wachibale. Iwo amalumikizana ndi nthambi ya ku Geneva yofufuza osowa pankhondo, yomwe imalandira maina a ogwidwa kuchokera ku mbali zomenyana ndipo imanyamula timakalata ta m'banja kulowa nato m'ndende komwe yaloledwa. Ntchito imeneyi salipiritsa. Pakatha masiku 7 osamva kanthu, kalata yodindidwa ija ipite kwa phungu wa dera lanu, ndipo mumupemphe afunse nduna m'Nyumba ya Malamulo tsiku lomwe note verbale inatumizidwa ndi nambala yake.

Ndife owerenga anu,
Lilongwe